Disiketi yokalamba musaifunse kawiri

Pepani kuti ndakhala chete kwa kanthawi, kuchonga kunandipanikiza. Lero ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundivutitsa mumtima, ndipo ndiyamba ndi kuulula kulakwa kwanga.

Miyezi ingapo yapitayo kunabwera mayi wina amene ndinamuphunzitsa ali Fomu 3 ndi Fomu 4, zaka zoposa 20 zapitazo. Wapeza mwayi wopitiriza maphunziro, ndipo kumene akupitako anamufunsa kalata yosonyeza malikisi ake a teremu ndi teremu. "Aphunzitsi, ndithandizeni," anatero, "mwayi umenewu sudzabweranso." Buku langa la malikisi a zaka zimenezo linadyedwa ndi chiswe kalekale. Koma ndinakumbukira kuti nthawi ija, kompyuta itangofika kumene, ndinkasunga malikisi a kalasi yanga pa madisiketi, ndipo madisiketiwo anali m'katoni pamwamba pa kabati kunyumba. Ndinamuuza molimba mtima kuti abwere mawa lake.

Ndinabwereka drive ya madisiketi yolumikiza pa USB. Nditalowetsa disiketi ya chaka chakecho, kompyuta inakana kuiwerenga. Ndinaitulutsa, n'kuiuzira mpweya, n'kuibwezeramo. Inakananso. Ndinachita zimenezi mwina kakhumi, mpaka ndinayamba kumva kaphokoso kokhulika m'katimo. Nditakankha kachitseko kachitsulo kuti ndione, ndinapeza mkwasa wozungulira pa kambale kakuda kaja, wowala ngati pamene padutsa mpeni. Utoto wa maginito umene unasunga malikisi a ana anga ndinaupala ndekha ndi changu changa. Mayiyo tinangomulembera kalata ya umboni yopanda manambala amene ankafuna.

Pa holide ndinakhala pansi kuwerenga za nkhaniyi, ndipo mfundo imene ndinatolapo ndi imodzi. Chosungira zinthu chikakalamba, ntchito yoyamba si kutsegula fayilo ayi. Ntchito yoyamba ndi kujambula chilichonse chimene chikutuluka m'chosungiracho, monga mmene chilili, kamodzi, n'kuchisunga pabwino. Kumasulira kubwere pambuyo. Ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake.

Ife timaphunzitsa ana kuti m'kompyuta muli 0 ndi 1. N'zoona, koma pa disiketi palibe amene analembapo 0 kapena 1. Pali kambale kopyapyala kopakidwa utoto wa maginito. Disiketi ya mainchesi 3.5 imene timaitcha ya 1.44 MB ili ndi mizere yozungulira 80 mbali iliyonse, yonse pamodzi 160. Mzere uliwonse unagawidwa m'zigawo 18, ndipo chigawo chilichonse chimanyamula ma byte 512. Kambaleko kamazungulira maulendo 300 pa mphindi, kutanthauza kasanu pa sekondi. Mutu wa drive umakhudza kambaleko, ndipo paliponse pamene maginito atembenuka mbali, m'kawaya ka m'mutumo mumabadwa kamphamvu ka magetsi. Anzanga a Physics mwaizindikira nkhaniyi: ndi yomwe ija Michael Faraday anaonetsa mu 1831, yakuti magetsi amabadwa m'waya pokhapokha maginito akamasintha.

Ndiye chimene chimatuluka mu drive ndi kugunda, kumodzikumodzi, pa waya umodzi, motsatizana. Uthenga suli m'kugundako koma uli mu mpata wa pakati pa kugunda kumodzi ndi kunzake. Taganizirani ng'oma. Woimba akamenya, mumadziwa gule amene akuvinidwa osati chifukwa cha kumenya kumodzi, koma chifukwa cha mipata ya pakati. Pa disiketi, lamulo lolembera lotchedwa MFM limachititsa kuti mipatayo ikhale ya mitundu itatu yokha: mayikirosekondi 2, 3 kapena 4. Mayikirosekondi ndi gawo limodzi la magawo 1,000,000 a sekondi. Pa liwiro limenelo, ma bit 500,000 amadutsa pa sekondi iliyonse.

Tsono apa ndi pamene pagona vuto. Mu kompyuta, kapena m'kati mwa drive ya USB ngati imene ndinabwereka ija, muli kachipangizo kamene kamamva ng'omayo n'kumagamula nthawi yomweyo kuti uwu ndi mpata wa 2, uwu wa 3, uwu wa 4. Disiketi ikakhala yatsopano, ntchitoyo ndi yosavuta. Koma ikakalamba, maginito amafooka, kambale kamapindika pang'ono, ndipo drive imene inalemba mwina inkazungulira mofulumira kapena mochedwa pang'ono kusiyana ndi imene ikuwerenga. Mpata wina umabwera uli 2.5. Kodi ndi 2 kapena 3? Kachipangizoko kalibe nthawi yoganiza. Kamangosankha, n'kupitirira, ndipo nambala yeniyeni ija ya 2.5 kamaitaya.

Kumapeto kwa chigawo chilichonse kuli ma byte awiri otsimikizira, otchedwa CRC, ngati thotolo imene kalaliki amalemba pansi pa ndandanda ya ndalama. Kachipangizo kakaphonya mpata umodzi wokha, thotoloyo sigwirizana, ndipo kompyuta imakana chigawo chonse cha ma byte 512, ngakhale 511 anali abwinobwino. Chigawo chokanidwacho chikakhala cha koyambirira, chimene chimafotokoza mmene disiketi inakonzedwera ndi pamene mafayilo ali, kompyuta imanena kuti disiketi yonse ilibe kanthu n'kukufunsani ngati mukufuna kuichita format. Imakhala ikunama mosadziwa. Zinthu zanu zilipo, koma womasulirayo wagonja pa chiganizo choyamba.

Aphunzitsi anzanga, tonse tinalembetsapo manotsi mothamanga teremu ikutha. M'kalasi mumakhala ana a mitundu iwiri. Wina amafuna kumvetsa chiganizo chilichonse asanalembe. Mawu amodzi akamusokoneza amaima, ndipo pamene akudzidzimuka mwadutsa kale ndime ziwiri. Wina amangolemba chilichonse chimene khutu lamva, ngakhale mawu amene sakuwadziwa, monga momwe amvekera. Madzulo amakhala pansi ndi anzake, kufananiza makope, kufunsa, kukonza. Pa tsiku wamba ndimakonda mwana woyambayo. Koma ngati wolankhulayo ndi gogo wodwala amene mwina sadzabwerezanso nkhani yake, ndimafuna wachiwiriyo. Disiketi ya zaka 20 ndi gogo wotereyo.

Zipangizo zochita ntchito ya mwana wachiwiriyo zilipo. Chimodzi ndi KryoFlux, chopangidwa ndi gulu la Software Preservation Society. China ndi Greaseweazle, chimene anakonza Keir Fraser, ndipo mapulani ake ndi mapulogalamu ake anawaika poyera kuti aliyense athe kupanga. Ndi timabolodi tating'ono tokwana m'dzanja. Mbali imodzi timalumikizidwa ku drive yakale ya m'kati mwa kompyuta, ija ya lamba wa mawaya 34, mbali ina ku USB. Sitimasulira kanthu. Ntchito yake ndi kuyeza nthawi basi. KryoFlux ili ndi wotchi yogunda pafupifupi maulendo 24 miliyoni pa sekondi, choncho mu mpata wa mayikirosekondi 2 wotchiyo imawerenga pafupifupi 48, mu mpata wa 3 imawerenga pafupifupi 72. Mpata wokayikitsa uja ukabwera, imalemba 60, n'kusiya choncho. Siigamula mlandu. Imalembanso pamene kambale kamaliza ulendo umodzi, kuti pambuyo pake tidziwe poyambira.

Mwina wina afunsa kuti bwanji kompyuta yeniyeniyo, ndi mphamvu zake zonse, isayeze yokha nthawiyo? Yankho ndi lakuti kompyuta ndi yamphamvu koma ndi yotanganidwa. Ikuyang'ana kiyibodi, ikujambula pa sikirini, ikumvetsera intaneti. Ikangocheuka kwa gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi, kugunda mazana angapo kwadutsa. Ndiponso USB situmiza zinthu mosalekeza, imatumiza m'mitolo, nthawi imene kompyuta yaitanitsa. Pamene disiketi siidikira munthu.

Zili ngati mpopi umene wathyoka potsekera, madzi akungotuluka, inu mukutunga ndi ndowa ziwiri. Pamene mukuchotsa yodzaza kuti muike ina, madzi amatayika. Wanzeru amaika beseni pansi pa mpopi, n'kumatunga m'besenimo. M'timabolodi tija muli kamemore kogwira ntchito ya beseni, kamene akatswiri amati buffer. Kamalandira manambala pa liwiro la disiketi, n'kumawapereka ku kompyuta pa liwiro la USB. Luso lonse la ntchitoyi lagona pa zinthu ziwiri: beseni lisasefukire, ndipo likasefukira chipangizo chinene poyera kuti apa patayika madzi. Chojambula chokhala ndi dzenje limene simukulidziwa n'choopsa kuposa kusajambula konse, chifukwa mudzachikhulupirira.

Tiyeni tichite masamu pang'ono, si paja ndife aphunzitsi. Ulendo umodzi wa kambale umatenga mayikirosekondi 200,000. Ngati mipata ndi ya pakati pa 2 ndi 4, ndiye kuti pa mzere umodzi pali kugunda kwa pakati pa 50,000 ndi 100,000. Chulukitsani ndi mizere 160, mupeza pakati pa 8 miliyoni ndi 16 miliyoni. Mpata uliwonse ukasungidwa mu byte imodzi, ndipo mzere uliwonse tikaujambula maulendo asanu, tifika pa 40 MB mpaka 80 MB. Kadisiketi ka 1.44 MB kabala fayilo yoposa kukula kwake ka 25. Mu 2003 zimenezi zikanaoneka ngati misala. Lero madisiketi 100 otere sangadzaze memore khadi ya 16 GB ya m'foni.

Nanga phindu lake n'chiyani? Fayilo imeneyo ikakhala m'manja, disiketi ikhoza kukapuma. Pulogalamu yomasulira ingayese kawerengedwe kena, ikalephera iyese kenanso, kambirimbiri, popanda kupala utoto ngakhale pang'ono. Ingafananize maulendo asanu aja, chifukwa chigawo chimene chakana pa ulendo woyamba nthawi zina chimamveka bwino pa wachitatu. Munthu angayang'ane malo ovutawo ndi maso ake, n'kuyesa kuti mpata wa 60 uja ukhale 2, kenako ukhale 3, ndipo thotolo ya CRC idzamuuza yankho limene lagwirizana. Ngakhale chigawo chitakaniratu, ma byte ambiri abwino aja amaoneka, ndipo m'ndandanda wa malikisi kutaya dzina limodzi sikufanana ndi kutaya kalasi yonse. Koposa zonse, pulogalamu imene idzalembedwe zaka zisanu zikubwerazi idzatha kumasulira fayilo yomweyo bwino kuposa ya lero. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma munthu amadekha akakhala kuti wasunga kale chimene chikanathawa.

Izi si nthano za m'mabuku. Mu 1985 katswiri wojambula wa ku America, Andy Warhol, anajambula zithunzi pa kompyuta ya Commodore Amiga n'kuzisunga pa madisiketi. Iye anamwalira mu 1987, ndipo madisiketiwo anakhala m'nyumba yosungira ntchito zake ku Pittsburgh popanda wowawerenga. Mu 2014 kunalengezedwa kuti gulu la okonda makompyuta la pa Carnegie Mellon University lapulumutsa zithunzizo. Anagwiritsa ntchito KryoFlux kukopera zimene zinali pa madisiketiwo, ndipo ntchito yofufuza kamasuliridwe ka mafayilowo anaichitira pa zimene anakoperazo.

Chitsanzo china chimatikhudza ife a choko. Mu 1986 bungwe la BBC linakumbukira zaka 900 za Domesday Book, kaundula wa dziko la England amene analembedwa mu 1086 molamulidwa ndi mfumu William. Anthu oposa 1 miliyoni, ambiri mwa iwo ana a m'masukulu pafupifupi 9,000, analemba ndi kujambula za madera awo. Zonsezo zinaikidwa pa zimbale ziwiri za LaserDisc zowerengedwa ndi makina apadera a Philips olumikizidwa ku kompyuta ya BBC Master. Pofika 2002, patangopita zaka 16, makina ogwira ntchito anali atatsala ochepa, ndipo anthu anachita mantha kuti ntchito ya anawo itayika, pamene buku la 1086 lija likuwerengekabe ku Kew. Akatswiri a mayunivesite a Leeds ndi Michigan anagwirapo ntchito yopulumutsa, ndipo mu 2011 BBC inaika zolemba za anawo pa intaneti.

Pambuyo pake Simon Inns anakonza chipangizo chotchedwa Domesday Duplicator, chimene chimatapa magetsi ochokera ku diso la makina a LaserDisc asanamasuliridwe. Chimayeza maulendo 40 miliyoni pa sekondi, muyeso uliwonse wa ma bit 10. Chitani masamu: ndi 50 MB pa sekondi, 3 GB pa mphindi. Sekondi imodzi yokha ikufanana ndi disiketi yanga yonse itajambulidwa kasanu. Mpopi wake ndi waukulu, n'chifukwa chake chimafuna USB 3.0 ndi beseni lalikulu, koma nzeru ndi yomweyo. Pulogalamu ya ld-decode imamasulira pambuyo pake, ndipo ikakonzedwa bwino, zojambula zakale zimamasuliridwanso bwino. Njira yomweyi yafikanso ku matepi a VHS, aja a maukwati ndi zinkhoswe amene ali m'makabati mwathu.

Ndikudziwa zimene ena mukunena. "Ife tikusowa choko ndi mabuku, inu mukukamba za zipangizo za kunja." Ndamva, ndipo sindikutsutsa. Koma sitepe yoyamba siilira tambala: lekani kulowetsa disiketi yokana mu drive mobwerezabwereza. Ndikanangochita chimenecho, malikisi a mayi uja akanakhalapo mpaka lero, akudikira munthu wodziwa. Ndiponso sukulu iliyonse siyenera kukhala ndi chipangizo chake. Chimodzi chingazungulire masukulu ambiri, chifukwa ntchitoyi ndi ya kamodzi.

Ena muti, "Zakalezo n'zantchito yanji?" Inenso ndinkatero, mpaka tsiku limene munthu anaima pakhomo panga tsogolo lake lili m'katoni ya pamwamba pa kabati. Sitidziwa pepala limene lidzafunike. Ndipo nthawi sili kumbali yathu. Sony inasiya kupanga madisiketi mu 2011, ndipo boma la Japan, limene linawagwiritsa ntchito nthawi yaitali, linathetsa malamulo owafuna mu 2024. Ma drive amene atsala ndi omwewo, akukalamba limodzi ndi madisiketi.

Ndisakunamizeni kuti njirayi ndi mankhwala a matenda onse. Pamene utoto wapalika palibe chipangizo chingabweze kanthu. Disiketi imene yachita chuku chifukwa cha chinyontho imadetsa mutu wa drive, ndipo mutu wakudawo umakanda disiketi yotsatira. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amayamba ayang'ana kambale ndi maso, kukatsuka mosamala ngati kuli kofunika, ndi kupukuta mutu wa drive kawirikawiri. Palinso nkhani ya chinsinsi. Chojambula chotere chimatenga zonse, ngakhale mafayilo amene munkaganiza kuti munafufuta: malikisi, makalata a milandu ya ana, za malipiro. Si chinthu chopatsa munthu wamba kapena kuponya pa gulu la WhatsApp.

Kwa amene muli ndi katoni ngati yanga, nazi zimene ndikupempha. Tsegulani kabowo ka pakona ka disiketi iliyonse pokankha kachotsekera kake, kuti drive isathe kulembapo. Kompyuta ikafunsa za format, kanani, chifukwa format yathunthu imalembanso mizere yonse ndipo zakale sizibwerera. Musalole pulogalamu iliyonse "yokonza" igwire disiketi yeniyeniyo. Sungani madisiketi pouma, kutali ndi dzuwa, masipika ndi maginito. Makompyuta akale akamatayidwa pasukulu, chotsanimo drive ya madisiketi ndi lamba wake, chifukwa ya USB siitha ntchito imeneyi, imamasulira yokha m'kati n'kungotulutsa chigamulo. Tsiku lojambula likadzafika, tolani chithunzi cha zolembedwa pa chikuto, lembani tsiku ndi drive imene mwagwiritsa ntchito, sungani fayilo yoyambayo m'malo awiri kapena atatu, ndipo musaisinthe. Zoyesayesa zonse zichitikire pa kope.

Mfundoyi ikukhudzanso zosungira za lero. Pa flash ndi pa hard disk zamakono, munthu wamba sangafike pa magetsi osamasuliridwa aja, koma lamulo silisintha. Chikayamba kuvuta, koperani chonse kaye musanayambe kufufuza fayilo imodzi. Pulogalamu yaulere ya GNU ddrescue inapangidwira zimenezo: imayamba kukopera malo osavuta, imalumpha ovuta n'kulemba pamene ali, n'kudzawabwerera pomaliza. Siiwononga mphamvu zotsala za chosungira chodwala polimbana ndi malo amodzi, zimene ndinachita ine.

Kwa anzanga a Computer Studies ndi Physics, ndikuona kuti tikuwamana ana phunziro lokoma. Tengani disiketi yakufa, muing'ambe pamaso pawo, aone kambale, awerengere okha kugunda kwa pa mzere umodzi. Adziwe kuti 0 ndi 1 sizikhala m'malere. Zimakhala pa chinthu chimene chimagwira fumbi, chimachita chuku, chimakalamba, ndipo makina akati "palibe kanthu" nthawi zina amatanthauza kuti "sindinamve bwino."

Ndipo inu ana anga amene lero mukugwira ntchito za makompyuta m'mizinda, ena mpaka kunja, musaiwale kumene munachokera. Mmodzi wa inu atakonza kabolodi kamodzi n'kupereka Loweruka lake limodzi, mbiri ya masukulu angapo ingapulumuke.

M'katoni yanga mwatsala madisiketi ena, a makalasi ena, a ana ena amene mwina tsiku lina adzagogoda. Sindinawagwirenso. Ndinawatsegula timabowo, n'kuwaika m'chitini chouma. Akudikira tsiku limene tidzawafunse kamodzi, tili ndi cholembera m'manja.